Injini yakale ya boti ikafooka mwadzidzidzi pa mtsinje wa Shire

Anthu amene amawolotsa anzawo pa Mtayamoyo, pakati pa Bangula ndi Makhanga, kapena amene amayendetsa maboti m'madooko a ku Nsanje, vuto ili amalidziwa bwino. Injini imalira mosadandaulitsa pagombe, imanyamuka bwinobwino, koma boti likadzaza anthu, njinga ndi matumba a chimanga, woyendetsa n'kuwonjezera moto kuti alimbane ndi madzi, mphamvu imangotha. Ambiri zikatere amathamangira kumasula kabuleta, kachipangizo kosakaniza mafuta ndi mpweya, ndipo ine ndimaona kuti kumeneko ndi kuyambira kumapeto, chifukwa nthawi zambiri chalakwika chimakhala chaching'ono, chooneka ndi maso, chosafuna ngakhale sipanala.

Kulira bwino pagombe sikutsimikizira kanthu. Injini ikamalira pang'onopang'ono imamwa mafuta ochepa kwambiri, moti ngakhale paipi yotsekeka theka imakwanitsa kuidyetsa. Koma injini ya mahosipawa 40 yosakaniza petulo ndi oyilo, monga za Yamaha Enduro, ikatsegulidwa moto wonse imamwa malita pafupifupi 20 pa ola, imatentha kwambiri, ndipo imafuna moto wamphamvu pa pulagi, kachipangizo kothetheka kamene kamayatsa mafuta. Chilichonse chimene chatopa m'kati mwake chimaonekera nthawi imeneyo.

Mphamvu ikatha muli pakati pa mtsinje, bwezani moto, lozetsani boti kugombe, ndipo ngati injini yazima gwiritsani ntchito nkhafi kapena ponyani nangula madzi asanakukokereni m'bango. Musapise dzanja m'madzi kuti mufufuze pulopela, pakuti ng'ona za mu Shire sizichenjeza. Zimitsani injini, chotsani chingwe chozimitsira kuti isalire mwangozi, ndipo muitukule kuti pulopela ituluke m'madzi.

Musanagwire chida chilichonse, kumbukirani mmene injini inalirira pamene mphamvu inkatha, chifukwa khutu ndilo limagawa vutoli pawiri. Ngati kulira kunakwera, injini n'kumakuwa koma boti osayenda, injiniyo ilibe mlandu, vuto lili ku pulopela. Mwina namasupuni, udzu kapena chidutswa cha ukonde chazengerera, mwina katundu wachuluka kutsogolo moti kumbuyo kwatukuka ndipo pulopela ikupalasa mpweya. Ngati zonsezi palibe, kayikirani mphira umene uli pakati pa pulopela, umene ntchito yake ndi kuteteza magiya pulopela ikagunda chitsa kapena mchenga. Mphirawu ukakalamba umagwira pa moto wochepa koma umaterereka pa moto wambiri. Kuuyesa n'kosavuta: lembani mzere umodzi wodutsa pa chitsulo chapakati ndi pa thupi la pulopela, yendetsani boti pang'ono, kenako muonenso. Mzerewo ukapezeka utaduka pawiri, mphira watha. Pa injini zina zing'onozing'ono ntchito yomweyi imagwiridwa ndi kapini kamene kamathyoka dala, ndipo ndi nzeru kuyenda ndi kena kapadera. Mukachotsa zozengerera, yang'anani ngati twayini wa asodzi sanalowe kuseri kwa pulopela, chifukwa amadula mphira wotchinga oyilo wa magiya, madzi n'kulowa.

Ngati kulira kunatsika, yambani ndi madzi oziziritsa, osati chifukwa ndiwo amavuta kawirikawiri, koma chifukwa kutentha ndiko kumapha injini m'mphindi zochepa. Kumbuyo kwa injini kuli kabowo kamene kamaponya madzi nthawi yonse imene injini ikulira. Madziwo akafooka, akamatuluka modukizaduka kapena akatentha moti dzanja silingapirire, zimitsani nthawi yomweyo. Chotsani zinyalala pa timabowo tolowera madzi pamwamba pa pulopela, ndipo kabowo kotulukira mukatokose ndi twayini wolimba, pakuti matope ndi tizilombo tomanga zisa timakatseka. Madzi akakanabe, ndiye kuti impela, kampira ka mapiko kamene kamapopa madzi, kaperepeseka. Kuno kuchigwa impela sikhalitsa, chifukwa madzi a Shire, makamaka kumunsi kwa Chiromo kumene Ruo amathiramo, amanyamula mchenga wambiri, ndipo madzi osefukira a mu 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 anakwirira makwawa ambiri moti injini imayenda ikupala pansi. Kusintha impela chaka ndi chaka n'kotchipa poyerekeza ndi pisitoni yopsa n'kukakamira m'kati mwa injini. Dziwaninso kuti injini zina zimadzichepetsera zokha liwiro zikatentha, ndipo munthu wosadziwa amayesa kuti mafuta ndiwo avuta.

Madzi akakhala kuti akutuluka bwino, tsatani njira ya mafuta kuyambira kuthanki, ndipo apa ndi pamene mavuto ambiri amabisala. Pa chitsekerero cha thanki pali kasikuluwu kolowetsa mpweya. Kakakhala kotseka, injini imayenda kwa mphindi zingapo kenako imakomoka, popeza mafuta sangatuluke m'thanki imene simukulowa mpweya. Masulani chitsekerero chonse. Mukamva mpweya ukulowa mwamphamvu ndipo injini n'kutsitsimuka, mwapeza. Kenako gwirani kampira kopopera mafuta kamene kali pa paipi, injini ikulira ndi katundu wake. Mukakapeza kataphwa, kataphwatalala, chatseka chili kumbali ya thanki: mpweya, kasefa ka pansi pa thanki, kapena paipi yopindika pansi pa thumba la munthu. Mukakapeza kofewa, ndipo mukamakafinya mobwerezabwereza mphamvu n'kumabwerera, ndiye kuti dzanja lanu likugwira ntchito ya pampu ya mafuta. Pamenepo mwina kachikopa ka mphira ka m'kati mwa pampu kang'ambika, kapena mpweya ukulowa pa mfundo ina ya paipi. Onetsetsaninso kuti muvi wolembedwa pa kampirako ukuloza ku injini.

Mafuta enieniwo nawo ndi ofunika kuwakayikira. Petulo akasowa pa malo omwetsera, eni maboti amagula wa m'zigubu, ndipo chigubu sichinena zimene chinasungapo dzulo. Komanso petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku zimenezi sizivuta, koma ethanol amakoka chinyezi, ndipo m'thanki ya boti yokhala padzuwa la ku Ngabu kapena ku Nsanje masana, n'kuzizira usiku, madzi amasonkhana pansi pomwe paipi imayamwira. Amafewetsanso mapaipi akale, moti paipi imaoneka yabwino kunja pamene m'kati ikusupuka. Popani mafuta pang'ono m'botolo loonekera m'kati, mulisiye kwa mphindi zingapo. Madzi amakhala pansi ndipo malire ake amaoneka. Mukawapeza, khuthulani thanki yonse, tsukani kasefa ka pa injini, ndipo mumasule sikuluwu ya pansi pa kabuleta kuti zotsalira zituluke. Posakaniza mafuta atsopano musayeze ndi maso: injini zambiri zotere zimafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, kutanthauza mamililita 500 pa malita 25, ndipo oyilo wake akhale wa injini za m'madzi, osati wa galimoto.

Tsopano kabuleta ingathe kufunsidwa, koma ifunseni musanaimasule. Pamene injini ikufooka, kokani pang'ono choki, chimene chimachepetsa mpweya wolowa mu kabuleta. Mphamvu ikabwerera kwa kanthawi, injini ikulandira mafuta ochepa, ndipo kawirikawiri jeti yaikulu (kasikuluwu kobowoka kodutsamo mafuta mu kabuleta), imene imagwira ntchito pa moto wambiri, yatsekeka. Ikatsamwa kuposa kale, mafuta si ochepa, yang'anani kwina. Jeti imatsukidwa ndi petulo woyera ndi mpweya; kuitokosa ndi singano kapena waya kumakulitsa bowo, ndipo injini imasanduka chidakwa cha mafuta mpaka kalekale. Chimene sindingalangize n'kupitiriza ulendo mokakamiza injini imene ikuperewedwa mafuta. Mu injini yosakaniza, oyilo amalowa pamodzi ndi petulo, choncho mafuta akachepa oyilo nayenso wachepa, ndipo pisitoni imapsa.

Mapulagi amanena zambiri mwachidule. Yofiirira ili bwino, yakuda ndi yonyowa siikuyaka kapena oyilo wachuluka, yoyera mbuu ikusonyeza kutentha kapena kuchepa kwa mafuta, ndipo yoyera ngati yotsukidwa, ya timadontho, ikusonyeza kuti madzi akulowa mu silinda, kachipinda kamene mafuta amayakiramo. Injini ya masilinda awiri ikhoza kulira mooneka ngati bwino pa silinda imodzi, koma singakoke katundu. Vuto limene limabwera injini ikatentha n'kuchoka ikazizira nthawi zambiri limakhala la koyilo (kachipangizo kotumiza moto ku pulagi) yong'aluka kapena waya wothethekera. Ngati makoyilo ali awiri ofanana, asinthanitseni; vuto likasamukira ku silinda ina, koyiloyo ndiyo yatha. Ikani pulagi ya nambala yomwe buku la injini likunena, osati iliyonse imene yalowa pabowo.

Zonsezi zikapezeka zili bwino, pitani kwa makaniko amene ali ndi geji yoyezera mphamvu ya mpweya m'masilinda. Chofunika kwambiri si nambala yokha koma kufanana: silinda imodzi ikatsika kuposa inzake ndi magawo opitirira 10 pa 100 alionse, maring'i atha kapena gasiketi yapsa, ndipo kusintha mapulagi ndi kutsuka kabuleta sikudzathandiza.

Mukakonza chinthu, sinthani chimodzi pa nthawi imodzi, kuti mudziwe chimene chachiza. Musayese injini poikuwitsa pa nyutulo, ndipo musailize kunja kwa madzi, chifukwa impela youma imapsa m'masekondi ochepa. Ikani m'boti matumba a mchenga olemera ngati katundu wa masiku onse, musanyamule anthu, ndipo muyende mokwera mtsinje pafupi ndi gombe ndi moto wonse kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, kuti injini ikafookanso madzi akubwezereni kudooko kumene munachokera.