Momwe mungapentere anzanu a kuntchito makhadi ochokera m'nyimbo za rock zomwe amakonda

Mu Disembala chaka chatha ndinaganiza zoti aliyense wa ku ofesi kwathu kuno ku Chipata alandire khadi lopentedwa ndi manja anga. Tilipo anthu 9. Ndinagula mapepala ndi penti, Loweruka masana n'kukhala pa tebulo, koma dzanja linakana kuyenda. Ndiwajambulire chiyani? Maluwa onsewo? Apa mpamene ndinaona kuti anthu amene ndimamwa nawo tiyi tsiku ndi tsiku sindinkadziwa n'komwe chimene chimawasangalatsa akaweruka. Ndinasunga penti, ndipo Lolemba ndinayamba kufunsa za nyimbo. Njira imene ndikulemba panoyi inabadwa pamenepo, ndipo ndi imene ndikutsatirabe pa masiku obadwa ndi pa kutsanzikana ndi opuma pantchito.

Choyamba: funsani, burashi isanalowe m'madzi

Musafunse kuti "Mumakonda nyimbo zanji?" chifukwa ambiri adzayankha kuti za kutchalitchi, nkhani n'kuthera pomwepo. Funsani kuti, "Muli achinyamata munkavina chiyani?" kapena "Kodi ndi gitala ya ndani imene inakuimitsanipo panjira?" Ndipo funsani pamene munthu ali womasuka, osati mu miting'i.

Ine ndinafunsa adalaivala athu, bambo a imvi zawo amene atsala pang'ono kupuma, tili pa ulendo wa ku Katete. Anakhala chete mpaka tinadutsa Mtenguleni. Kenako anatsitsa wailesi n'kunena kuti, "Mwana wanga, ine kwathu ndi konkuno, koma ndinakulira ku Kitwe. Atate ankagwira ntchito ku migodi. Kodi a Paul Ngozi unawamvapo?" Ndinati dzina lokha ndinalimva, atate. Anaseka, n'kuyamba kugogoda chiwongolero ndi zala ziwiri, kwinaku akutsanzira kulira kwa gitala ndi mphuno. Zaka zonsezi ndinkawadziwa ngati munthu wa mawu ochepa, wongoti "Mwauka bwanji" ndi "Tiyeni". Tsiku limenelo analankhula mpaka ku Katete.

Lembani zimene mwamva m'kabuku: dzina la bandi, ndi kanthu kamodzi kamene munthuyo wakumbukira, kaya ndi holo imene ankavinira, kaya nsapato zazitali zidendene, kaya thalauza lotambalala kumiyendo. Kanthu kameneko ndi kamene kadzapite pakhadi.

Chachiwiri: mverani nokha

Gulani bando ya intaneti, sakani mayinawo pa YouTube kapena Spotify, ndipo nyimbo iliyonse muimvere katatu. Ulendo woyamba ingomverani. Wachiwiri tsatirani chida chimodzi, gitala kapena ng'oma. Wachitatu tsinzinani, muone mitundu imene ikubwera m'maso, n'kuilemba.

Ngati mnzanuyo ndi wachikulire, mosakayika mudzagwera mu Zamrock, rock ya kuno ku Zambia ya m'zaka za m'ma 1970. Anyamata a nthawiyo ankamvera Jimi Hendrix, Rolling Stones, Deep Purple ndi James Brown, n'kusakaniza zimenezo ndi kaimbidwe ka ng'oma zakwathu. Boma la a Kenneth Kaunda litalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za oimba a m'dziko muno, mabandi anapeza mpata waukulu. Yambani ndi WITCH, bandi ya ku Kitwe imene dzina lake limaimira We Intend To Cause Havoc. Woimba wake, a Emmanuel Chanda, anapatsidwa dzina loti Jagari chifukwa pa siteji ankadumpha ngati Mick Jagger, woimba wa Rolling Stones. Kenako mverani Amanaz, nawonso a ku Kitwe, amene chimbale chawo cha 1975 chili ndi nyimbo zodekha zoti mungapentere usiku ana atagona. Palinso a Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya, amene ambiri amawatchula pakati pa oyambitsa Zamrock.

Koma kwa ife a Kum'mawa, pakhomo polowera posavuta ndi pa a Paul Ngozi ndi Ngozi Family, chifukwa nyimbo zawo zambiri ndi za m'Chinyanja, ndipo mawu ake ndi a moyo wa m'komboni, wa njala, wa ukwati, wa mowa. Dzina lawo lenileni linali Paul Nyirongo, ndipo anamwalira mu 1989. Gitala yawo imalira mokhadzula, ngati chitsulo chikukhuzidwa pa mwala wonolera. Kulira kumeneko oimba amakutcha fuzz. Nditaimva koyamba pa mahedifoni ndinalemba mawu atatu okha: kufiira, kuda, mphezi.

Zimandiwawa kuti nyimbo zimenezi zinatsala pang'ono kutayika. Mtengo wa kopa utagwa anthu analibenso ndalama zogulira zimbale, disko ndi kalindula zinatenga malo, ndipo Edzi inatenga oimba ambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Zimbale zambiri zinatulukanso chifukwa cha kampani ya ku Los Angeles yotchedwa Now-Again Records, ndipo WITCH inadzukanso mpaka kutulutsa chimbale chatsopano mu 2023. Achinyamata a ku Ulaya ndi ku America akuvina nyimbo zimene ana athu sanazimvepo.

Si onse adzatchule Zamrock. Amayi a ku akaunti kwathu anatchula Queen, ndipo anadabwa nditawauza kuti woimba wa bandiyo, Freddie Mercury, anabadwira ku Zanzibar mu 1946. Mnyamata wokonza makompyuta anandipatsa Linkin Park. Poyamba inandisokosa, koma pa ulendo wachitatu ndinayamba kumva chimene iye amamvamo. Ngakhale bandi isakukomereni, imvereni katatu ndithu. Khadilo si lanu.

Chachitatu: zipangizo

Zambiri muzipeza m'mashopu ogulitsa za kusukulu ku Down Shops kapena m'tauni. Mufunika pepala lolimba, penti ya madzi kapena poster colour, maburashi awiri (yaikulu yophwatalala ndi yaing'ono yosongoka), pensulo, rula, lezala kapena sizasi, guluu, masking tape, cholembera chakuda chosachucha, makapu awiri a madzi, sosala yakale yosakanizirapo penti, ndi kansanza. Kunyumba tengani kandulo yoyera, mchere ndi mswachi wotha ntchito.

Pa pepala pokha musaumire. Pepala la mu printa ndi 80 gsm (gsm ndi muyezo wa kulemera kwa pepala), likangonyowa limakwinyika ngati tsamba la fodya. Lenileni lopentera ndi madzi limakhala 300 gsm, ndipo ngati simulipeza mukhoza kutuma wopita ku Lusaka kapena ku Lilongwe. Manila woyera amagwira ntchito bwino mukachepetsa madzi. Penti gulani mitundu isanu basi: wofiira, wachikasu, wabuluu, wakuda ndi woyera. Wofiira ndi wachikasu zimabala olenji, wabuluu ndi wachikasu zimabala wobiriwira, wofiira ndi wabuluu zimabala pepo.

Chachinayi: dulani ndi kupinda

Pepala la A4 lidulidwe pakati, theka lililonse lipindidwe kamodzi. Mupeza makhadi awiri a masentimita 10.5 m'lifupi ndi 14.8 m'litali, amene amalowa bwino mu emvulopu ya C6. Musanapinde, ikani rula pakati n'kudutsitsa kumbuyo kwa mpeni kapena bolopeni yotha inki, kuti mzere upindike mosang'ambika.

Langizo limene linandipulumutsira mapepala ambiri ndi ili: musapente pakhadi penipenipo. Dulani tizidutswa tocheperako, masentimita 9 ndi 13, pentani pamenepo, ndipo kokhako kamene katuluka bwino ndi komwe mudzamate pakhadi.

Chachisanu: pentani nyimbo ikulira

Matani kachidutswa kanu pa thabwa kapena pa katoni yolimba ndi masking tape mbali zonse zinayi. Tepiyo muyambe mwaigunditsa pa chitenje kawiri katatu kuti guluu wake achepe mphamvu, apo ayi idzasenda pepala pochotsa. Yatsani nyimbo ya munthu amene mukumupangira, ndipo isazime mpaka mutamaliza.

Yambani ndi kandulo. Jambulani nayo pa pepala louma chimene mukufuna chikhale choyera, monga nsambo zisanu ndi imodzi za gitala kapena mzere wokhotakhota wa mphezi. Simudzaona kanthu, koma sera salola madzi, ndiye mukadutsitsapo penti mizereyo imatulukira yokha. Dinikizani ndithu polemba. Akatswiri opaka nsalu ku Mfuwe amachita zofanana ndi zimenezi pogwiritsa ntchito phala la ufa wa tirigu, ndipo amayi athu olocha nyumba kumudzi ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda akhala akudziwa kalekale kuti mitundu itatu ndi yokwana.

Kenako pakani maziko ndi burashi yaikulu, kuyamba ndi mtundu wowala n'kumapita ku woderako. Wakuda ubwere pomaliza, chifukwa ukalowa msanga umadetsa zonse. Kapu imodzi ikhale yotsukira burashi, inayo ya madzi oyera osungunulira penti. Anthu ambiri amadandaula kuti mitundu yawo ikutuluka ngati matope a m'dambo, pamene vuto ndi kapu imodzi basi.

Khadi la adalaivala ndinalipanga motere. Pansi ndinapaka chikasu, pamwamba kufiira, ndipo pamene mitundu iwiriyo inakumana ikadali yonyowa ndinaisiya ilowane yokha, n'kukhala ngati dzuwa la Okutobala likulowa kuseri kwa phiri. Mphezi ya kandulo ija inang'amba pakati. Zitauma, ndinajambula ndi pensulo gitala itapendekeka ndi munthu wa tsitsi la afro ataweramira kumbuyo, n'kudzaza zonsezo ndi penti yakuda yokhayokha, popanda maso kapena mphuno. Ngati simutha kujambula nkhope, njira ndi imeneyi, kupenta mthunzi wa munthu. Aliyense amauzindikira.

Pa nyimbo zodekha ngati za Amanaz, pakani buluu wamadzimadzi n'kuwazapo timibulu ta mchere penti ikadali yonyezimira. Mchere umayamwa madzi n'kusiya tinyenyezi, ndipo mumaukhulula ndi chala pepala likauma gwa. Pa nyimbo zaphokoso, viikani mswachi mu penti, uloze pa pepala, n'kukanda tsitsi lake ndi chala chachikulu kuti penti ithovokere. Yalani nyuzipepala poyamba, ndipo musachite izi mutavala zopita nazo kuntchito. Kujambula chimbale n'kosavuta: zungulizani pensulo pa chivundikiro cha botolo, pakani kuda, pakati musiye kabwalo kofiira.

Zizindikiro za mabandi ndi zithunzi za pa zimbale zili ndi eni ake. Musazikopere, makamaka ngati mukuganiza zodzagulitsa makhadi. Ndiponso chimene mwajambula kuchokera m'khutu mwanu chimakoma kuposa chokopera.

Chachisanu ndi chimodzi: umitsani

Nthawi yotentha penti imauma mofulumira kwambiri, mwina musanamalize n'komwe kusakaniza mitundu, ndiye pentani m'mawa kapena madzulo. Nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, chinyezi chimachedwetsa zonse, choncho lisiyeni usiku wonse. Musayanike padzuwa, pepala limapindika. Likauma chotsani tepi pang'onopang'ono, mukukokera kunja, ndipo muona mpendero woyera wowongoka bwino. Matani pakhadi ndi guluu wochepa, phimbani ndi pepala loyera, n'kutsindira ndi mabuku olemera mpaka m'mawa.

Chachisanu ndi chiwiri: mawu a m'kati

Lembani kaye pa pepala lina. Mizere itatu kapena inayi yakwana, ndipo ikhale yanu, osati yokopera m'nyimbo kapena pa Facebook. Tchulani chinthu chimodzi chenicheni chimene munthuyo anakuchitirani chaka chino, ndi chimodzi chimene mwapeza m'nyimbo zake. Wamkulu mulembereni mwaulemu wake. Kwa adalaivala ndinalemba kuti: "Atate, zikomo potiyendetsa bwino chaka chonse, ngakhale m'matope a ku Chadiza. Gitala ya a Ngozi ija tsopano ikulira kunyumba kwanga Loweruka lililonse. Ndinu munandipatsa." Kumbuyo kwa khadi lembani dzina lanu ndi chaka.

Samalani kuti pasakhale wotsala. Mlonda, amayi osesa, wophunzira ntchito amene wabwera mwezi watha, onse alandire, ndipo khadi la abwana lisakule kuposa la ena. Ngati anthu ndi ambiri, yambani milungu itatu isanafike nthawi, makhadi awiri pa tsiku.

Chomaliza: kupereka

Perekani m'manja, ndi manja awiri kwa akuluakulu, aliyense payekha. Pagulu munthu amangoti zikomo n'kubisa khadi m'thumba, koma mukakhala awiri amalitsegula.

Adalaivala ndinawapeza akupukuta galasi la galimoto m'mawa. Anapukuta manja pa thalauza asanalandire, anatulutsa khadi mu emvulopu, n'kuliyang'ana nthawi yaitali osatsegula m'kati. Chala chawo chinatsatira mphezi ija kuchokera pamwamba mpaka pansi. "Uyu ndi Paul," anatero. "Ankawerama chonchi ndithu akafuna kuimba gitala ndi mano." Analiika m'thumba la shati, ndipo masana ndinaliona litakhomeka kuseri kwa chotchingira dzuwa cha galimoto. Mu Januwale anandibweretsera pepala atalembapo mayina a mabandi ena anayi, Blackfoot ali pamwamba, n'kundiuza kuti ndiyambe ndi imeneyo.