Momwe mungasinthire ndi kutchera kabuleta pomanga injini ya Volkswagen Kombi yakale

Injini ya Volkswagen Kombi yakale, galimoto yomwe inayamba kupangidwa ku Wolfsburg m'dziko la Germany mu 1950, ilibe madzi oiziziritsa. Imadalira mphepo ya fani, oyilo, ndiponso petulo amene ikumwayo. Kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, ikamapereka petulo wochepa poyerekeza ndi mpweya, mitu ya masilinda imatentha mpaka valavu kuduka, ndipo ngoziyi ndi yaikulu pa Kombi chifukwa ndi yolemera kuposa Beetle ngakhale injini zawo zikufanana. Malangizo awa ndi a injini ya 1600cc yomwe inabwera mu 1971 ndi kabuleta imodzi ya Solex 34 PICT-3.

Musanagwire sikulu iliyonse pa kabuleta, yambani ndi mavalavu injini ili yozizira, ndipo mpata wake ukhale mamilimita 0.15. Kenako tcherani mapointi a mu distributor, chipangizo chogawa moto ku mapulagi, pa mamilimita 0.4, nkubwera ku taimingi, yomwe ndi nthawi yoyatsira motowo. Mavuto ambiri amene timanamizira kabuleta amachokera kwa distributor. Ya Bosch 009, yomwe ambiri amaikonda kaamba kosavuta kumanga, ilibe kapayipi kokoka mpweya kuchokera ku kabuleta, choncho mukaponda mafuta injini imayamba yatsamwa kaye isanakoke. Yoyenda bwino ndi 34 PICT-3 ndi distributor yokhala ndi kapayipiko yotchedwa SVDA, imene imatcheredwa pa madigiri 7.5 pisitoni isanafike pamwamba, kapayipi kaja mutakazula ndi kukatseka. Ngati muli ndi 009 yokhayo, ikwezeni injini kupitirira 3,000 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi) ndipo moto usatsogole kupyola madigiri 30.

Tsopano sankhani kabuleta. Ine ndimaona kuti injini imene simunaikulitse masilinda kapena kuisintha camshaft ikhale ndi Solex yake imodzi, pakuti kabuleta yaikulu pa injini yaing'ono imangochepetsa liwiro la mpweya, mphamvu yonyamukira nkutayika. Ofuna makabuleta awiri ayambe ndi ang'onoang'ono monga Weber 34 ICT kapena Kadron, pomwe Weber 40 IDF ndi Dellorto DRLA amayenera injini yokulitsidwa ndipo alibe choko, moti m'mawa wa mu Juni mudzafunika kudekha. Weber 32/36 yoikidwa pakati ndiyo imavuta kwambiri kutchera.

Mukasankha kabuleta imodzi, samalani kwambiri manifodi, payipi yotenga petulo ndi mpweya kuchokera ku kabuleta kupita ku masilinda. Pansi pake pamadutsa kapayipi konyamula utsi wotentha kuchokera ku ekizozi, ndipo ntchito yake ndi kufunditsa njira yaitali imene petulo amayenda asanafike m'masilinda. Pa injini yakale kapayipika kamakhala katadzaza mwaye wouma gwa. Lowetsani chingwe chakale cha kilatchi mutachimanga ku dirilo mpaka chitulukire mbali inayo, chifukwa kakatsekeka manifodi imazizira mpaka kuchita mame kunja, petulo amasanduka madontho mkati, ndipo palibe jeti (kachitsulo kabowo kopima petulo mu kabuleta) imene ingathetse vutolo. Mabuti awiri a labala olumikiza manifodi akhale atsopano, pakuti mng'alu wochepa chabe umalowetsa mpweya wakuba.

Pimani pampu ya petulo, yomwe iyenera kukankha pafupifupi 3 psi. Ikapitirira pamenepo kabuleta imasefukira, ndipo mumaichepetsa poonjezera magasiketi pansi pa pampuyo.

Pano ndiime pang'ono pa nkhani ya moto, chifukwa Kombi zambiri zathera apa. Thanki ya petulo ili kutsogolo kwa injini chapamwamba, ndipo kachitsulo kachikasu kolowetsa petulo mu kabuleta kanangokhomeredwa, kalibe mazinga. Mukapachika fyuluta pakati pa pampu ndi kabuleta, kulemera kwake ndi kunjenjemera kwa injini kumazula kachitsuloko, petulo nkuwazikira pa distributor. Ikani fyuluta kunja kwa chipinda cha injini, mangani kilampu pa mapeto a payipi iliyonse, ndipo gwedezani kachitsuloko ndi zala kuti mumve ngati kali kolimba. Mapayipi akale a nsalu asintheni onse, makamaka kuno ku Malawi kumene petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, popeza ethanol amaononga labala wakale.

Pa majeti, yambani ndi 127.5 kapena 130 pa jeti yaikulu, ndi 55 pa yaing'ono. Manambalawa ndi poyambira chabe, chifukwa petulo wa ethanol amafuna jeti yokulirapo pomwe malo okwera amafuna yocheperapo. Mukakayika pakati pa ziwiri, pa Kombi tengani yaikuluyo.

Kutchera kulira kwa injini galimoto itaima kumasokoneza ambiri chifukwa 34 PICT-3 siitcheredwa ndi sikulu ya pa mkono wa mafuta. Sikulu imeneyo ingokhudza sitepe yotsikitsitsa ya choko, muilowetsenso kotala imodzi, muisiye. Kumanzere kwa kabuleta kuli masikulu awiri. Kakang'onoko kalowetseni mofatsa mpaka kagunde, osakakamiza, kenako mukabweze maulendo awiri ndi theka. Injini ikatentha bwino ndipo choko chatseguka, gwiritsani ntchito sikulu yaikulu kufikitsa injini pa 850 mpaka 900 rpm, mubwerere ku kakang'ono kufunafuna pamene ikulira mwachangu, mukalowetse pang'ono mpaka kulirako kutsike pang'ono chabe, nkumalizanso ndi yaikulu ija.

Pa makabuleta awiri, masulani kaye ndodo yowalumikiza, pimani mpweya wa iliyonse ndi chipangizo chake mpaka afanane, kenako mangani ndodoyo ndi kuonetsetsa kuti onse akutseguka nthawi imodzi, apo ayi mbali imodzi idzasenza ntchito yonse nkutentha yokha.

Bwezerani chosefera mpweya cha oyilo, chomwe chimagwira fumbi la m'misewu yathu bwino kuposa tosefera tonyezimira tija, ndipo yendani mtunda wokhala ndi chitunda galimoto itanyamula katundu. Mukaima masulani mapulagi muone nsonga zake. Nsonga yofiirira ikusonyeza kuti zili bwino, yakuda ndi mwaye ikusonyeza petulo wochuluka, koma mukaiona yoyera mbee kwezani jeti yaikulu ndi sitepe imodzi musanayendenso ulendo wina.