Kupaka inokulanti pa soya ndi nyemba popanda kupha mabakiteriya ake

Inokulanti amaoneka ngati ufa wakuda wonyowa pang'ono, koma m'galamu imodzi ya ufa wabwino mumakhala mabakiteriya amoyo pafupifupi biliyoni imodzi. Feteleza mukhoza kumuiwala padzuwa n'kumuthirabe mawa lake. Inokulanti akatenthedwa kapena akauma, chotsala ndi dothi chabe. Nthawi zambiri mlimi wa soya ku Angónia, Tsangano kapena Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, akamadandaula kuti ufawu sunamuthandize, mabakiteriya amakhala atafa mbewu isanamere n'komwe.

Ntchito yawo imayamba akalowa m'mizu. Muzu umatupa timibulu, ndipo m'timibulumo iwo amatenga nayitrojeni wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Koma asanafike pamenepo amakhala masiku angapo pakhungu la mbewu ndi m'dothi, popanda chowaphimba. Chimene chimawapulumutsa masiku amenewa ndi chibadwa chawo, ndipo mukachidziwa, malamulo onse a kapakidwe amamveka okha.

Mu 2002 asayansi a ku Japan anawerenga DNA yonse (chosungira chibadwa cha chamoyo) ya bakiteriya wa soya wotchedwa USDA 110, amene lero dzina lake ndi Bradyrhizobium diazoefficiens, n'kupeza majini opitirira 8,000. Majini ndi malangizo obadwa nawo amene selo, limene ndi thupi lonse la bakiteriya, limatsata. Otchedwa nod ndi amene amalankhula ndi muzu kuti utsegule njira, a nif amapanga chida chogwirira nayitrojeni, ndipo pali gulu lina losiyana nawo limene ntchito yake ndi kuteteza moyo zinthu zikavuta.

Tiyambe ndi kutentha. Dzira likagwera m'madzi otentha, choyera chake chimalimba osabwereranso. Mapuloteni a m'selo la bakiteriya amaonongeka chimodzimodzi. Majini a groEL ndi dnaK amapanga mapuloteni ena ogwirizira anzawo kuti asapindike, ndi kuwongola amene ayamba kale kupindika. Ofufuza a ku Zürich, ku Switzerland, anapezanso kuti uthenga wa majini ena oteteza umakhala womangika ngati mfundo ya pachingwe. Pa madigiri 30 mfundoyo imakhala yothina ndipo uthenga suwerengeka, koma kukatentha cha m'ma 40 imamasuka yokha, selo n'kuyamba kudziteteza. Chitetezo chimenechi n'chongowolokera maola ochepa. Sichingapirire tsiku lathunthu pansi pa malata.

Kuuma ndiye mdani wamkulu pambewu. Selo likamva kuti madzi akuchepa, majini a otsA ndi otsB amayamba kupanga shuga wapadera wotchedwa trehalose, amene amakhala m'malo mwa madzi pakhungu la selo kuti lisang'ambike. Kupanga shugayu kumafuna nthawi. Mbewu yopakidwa ikauma pang'onopang'ono pamthunzi, mabakiteriya ambiri amakhala atakonzeka. Ikayanikidwa padzuwa la masana imauma selo lisanachite kanthu, ndipo dzuwalo limaononganso DNA. Ichi ndicho chifukwa chake timakakamira za mthunzi.

Pogula, werengani dzina la mbewu papaketi. Inokulanti wa soya sagwira pa nyemba, wa nyemba sagwira pa soya, chifukwa majini a nod a mtundu uliwonse amamvana ndi mbewu yakeyake. Pa nyemba, mukapeza paketi yolembedwa Rhizobium tropici CIAT 899, tengani. Bakiteriya ameneyu anachokera m'dothi la asidi ku Colombia, ndipo amapirira asidi ndi kutentha kuposa mitundu ina yambiri ya nyemba. Limodzi mwa majini omuthandiza ndi gshB, lopanga glutathione, chinthu choteteza selo, ndipo ofufuza atalichotsa bakiteriyayo analephera kukula bwino mu asidi. Mtedza, khobwe ndi nandolo kawirikawiri zimapeza mabakiteriya ake m'nthaka yathu. Soya wa mitundu ya TGx wochokera ku IITA, bungwe lofufuza za ulimi, amathanso kugwirizana ndi a m'nthaka, koma ife timati mupakebe. A m'nthaka ndi opirira ndithu, poti adazolowera chilimwe chathu, koma majini opirira ndi majini ogwira nayitrojeni ndi osiyana, ndipo bakiteriya akhoza kukhala wolimba koma wopatsa mbewu zochepa.

Onaninso tsiku lothera ntchito, ndipo paketi yoboola kapena youma gwa isiyeni. Funsani kumene imasungidwa. Mumzinda wa Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndiye paketi yokwera chapa (minibasi) kudzera ku Moatize isakhale pawindo kapena pafupi ndi injini. Ikulungeni m'chitenje chonyowa. Kunyumba ikani m'firiji, koma osati mbali yopangira ayezi. Popanda firiji, ikani mumtsuko wadothi wovundikira, mtsukowo ukhale pamchenga wonyowa pakona yozizira.

Pakani tsiku lobzala, mvula itanyowetsa nthaka mokwanira. Wiritsani madzi, azizire. Madzi othira klorini, monga a Certeza, ndi abwino kumwa koma amapha mabakiteriyawa. Pa makilo 10 a soya, tengani mamililita 100 a madzi, limene ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo la zakumwa la mamililita 300, musungunulemo magalamu 10 a shuga, pafupifupi masupuni awiri a tiyi odzaza. Shugayu amamatiza ufa pambewu. Thirani mbewu m'beseni loyera limene silinasungepo mankhwala, wazani madzi a shuga, takasani ndi manja mpaka njere iliyonse ichite kung'anima. Mukatero thirani ufa n'kutakasanso pang'onopang'ono mpaka njere zonse zide. Muyeso wa ufa tsatirani wolembedwa papaketi, chifukwa makampani amasiyana, koma wambiri umakhala pakati pa magalamu 4 ndi 10 pa kilo. M'munda umene sunalimidwepo soya, kuwirikiza muyeso sikuononga kanthu. Kuchepetsa ndiko kumaluza.

Madzi asachuluke. Khungu la soya ndi lopyapyala, likanyowa kwambiri limachita makwinya n'kusendeka, ndipo njere yotero simera bwino. Mukaona madzi atadikha pansi pa beseni, mwapitirira.

Yalani mbewu pathumba loyera pansi pa mtengo kapena pakhonde kwa mphindi 20 kapena 30, mpaka isiye kumata m'manja. Hekitala imodzi imadya makilo 50 mpaka 60 a soya, choncho musapake yonse nthawi imodzi. Pakani yokwana maola atatu kapena anayi, ikatha mupakenso ina, ndipo paketi muzimanga pakamwa nthawi iliyonse. Mbewu yogona usiku ipakidwenso. Kumunda ndowa ikhale yovundikira ndi nsalu. Bzalani mmamawa kapena dzuwa litapendeka, pakuya kwa masentimita 3 mpaka 5, ndipo wokwirira azitsata pambuyo pa woponya, asadikire kuti mzere uthe. Dothi lapamwamba lopanda chophimba limatentha kuposa mpweya, ndiye mapesi a chimanga oyala pakati pa mizere amathandiza kwambiri ng'amba ikagwa mbewu zitangobzalidwa. Kubzala m'fumbi poyembekezera mvula, kumene ena amachita ndi chimanga, n'kutaya inokulanti.

Mbewu yopakidwa isakhudzane ndi feteleza, chifukwa mchere wake umakoka madzi m'maselo. Feteleza akhale pambali, ndipo akhale wa fosifolasi, amene timibulu timamufuna kwambiri. Urea wambiri amachititsa mbewu kusiya kupanga timibulu, poti yapeza nayitrojeni waulere. Ngati mbewu inabwera yothira kale mankhwala ophera bowa, aja oipatsa mtundu wofiira kapena wobiriwira, wirikizani ufa ndipo mubzale nthawi yomweyo. Pamene kuyeza nthaka kwaonetsa pH yochepera 5.5, kutanthauza kuti asidi wachuluka, thirani laimu miyezi iwiri kapena itatu musanabzale. Asidi amasokoneza kulankhulana kwa majini a nod ndi muzu, amachepetsanso molybdenum, mchere wa m'nthaka amene chida chogwirira nayitrojeni sichingagwire ntchito popanda iye.

Siyani mizere iwiri yosapaka, ndipo muibzale poyamba manja asanade ndi ufa, kuti mudzakhale ndi poyerekeza. Pakatha milungu isanu kapena isanu ndi umodzi, kumbani mbewu zingapo ndi khasu. Musazule ndi manja, timibulu timatsalira m'dothi. Tsukani mizu m'ndowa, mudule timibulu ndi lumo. Mkati mukakhala mofiira ngati nyama, ndiye kuti muli leghemoglobin, imene imagwira okosijeni kuti asaononge chida cha nif, ndipo ntchito ikuyenda. Tikuluikulu tounjikana pamutu pa muzu waukulu timasonyeza kuti mabakiteriya a pambewu anapulumuka. Tochepa tomwazikana kumizu ya m'mbali nthawi zambiri ndi ta m'nthaka. Toyera mkati pamsinkhu umenewu sitikugwira kanthu, pamene tobiriwira kapena tofewa ndi timene tinagwirapo n'kuleka, kawirikawiri chifukwa cha ng'amba kapena madzi odikha. Mizu ikakhala yosalala popanda kambulu n'kamodzi komwe, masamba n'kumachita chikasu mofanana ndi mizere yosapaka ija, bwererani m'mbuyo mufufuze kumene paketi inasungidwa, madzi amene munasungunulira shuga, ndi maola amene mbewu inakhala isanakwiriridwe.