Momwe mungagulire lipenga lakale la mwana wophunzira osapusitsidwa

Mwana wanga atalowa m'gulu loimba malipenga kutchalitchi, ndinakana kumugulira malipenga atsopano onyezimira aja, otchipa koma opanda dzina. Ndawaonapo: pakapita miyezi, mavalavu (zodina zitatu zosinthira mawu zija) ayamba kukakamira, ndipo zipangizo zake simungazipeze. Lipenga lakale lopangidwira ana a sukulu, ngakhale litathothoka utoto, limaposa amenewo kutalitali.

Choyamba, dziwani mayina. Kwa ine Olds Ambassador ndiye patali. Kampani ya F.E. Olds inkawapanga ku Los Angeles, kenako ku Fullerton, mpaka inatsekedwa mu 1979, ndipo anawapanga olimba podziwa kuti ana adzawagwetsa. Enanso odalirika ndi Conn Director, King Cleveland, Holton Collegiate, komanso Yamaha YTR-232 wa ku Japan. Onetsetsani kuti ndi lipenga (trumpet) la kiyi ya B flat osati koneti, lipenga lina lofanana nalo koma looneka lalifupi, chifukwa ogulitsa ena sasiyanitsa.

Ambiri amapezeka pa eBay ndi Facebook Marketplace. Ngati muli ndi mbale ku UK kapena ku Joni, iyeyo akalione ndi maso n'kubwera nalo m'manja, poti ndalama yotumizira ndi msonkho zikhoza kufanana ndi mtengo wa lipengalo. Wogulitsa wolemba kuti sanaliyese chifukwa sadziwa zoimba, koma wajambula mbali yowala yokhayokha, mutalikireni.

Tsopano mavalavu. Apa ndi pamene ndinagwa nayo. Lipenga loyamba lomwe ndinagula linali lokongola, lopanda pofinyika paliponse, ndipo mavalavu ake ankatsika mofewa kwambiri. Ndinasangalala. Osadziwa kuti kufewako kunali kutha: chitsulo chinali chitaperepeseka, ndipo mpweya unkathawira m'mbali. Mawu ankatuluka osasa, mwana ankatha mpweya asanamalize mzere umodzi, ndipo kwa milungu ingapo ndinkamunena kuti ndi waulesi. Zimandipwetekabe mtima ndikakumbukira nkhope yake. Wogulitsa uja anali atathira oyilo wokhuthala, amene amabisa vutoli kwa masiku ochepa.

Ndiye chitani izi. Osadina valavu, sololani kapaipi kokhota kolumikizana ndi valavuyo mpaka katuluke. Pamveke kuti "phu". Kukakhala zii, kapena kaphokoso kofooka, mpweya ukudontha. Yesani atatu onse. Kenako masulani valavu iliyonse, muipukute, muione padzuwa: ikhale yotuwa ngati siliva. Mukaona mawanga achikasu kapena ofiira, ndiye kuti chokutira chake chayamba kutha. Ibwezereni, mumasule pang'ono chivindikiro cha pamwamba, muigwedeze cham'mbali. Isachite khwekhwerekhwe. Kukutiranso mavalavu kumadya ndalama zoposa lipenga lenilenilo, choncho musadzinamize kuti mudzakonzetsa. Ngati mukugula patali, wogulitsa akutumizireni vidiyo akusolola mapaipiwo. Akakana, mwadziwa kale.

Yang'ananinso paipi yoyamba, pomwe pamalowa mouthpiece, kachitsulo koika pamilomo poimba. Timadontho tofiirira pamenepo timatanthauza kuti malovu adya chitsulo kuchokera mkati, ndipo tsiku lina chidzaboola. Kufinyika pang'ono kukamwa kwa lipenga si vuto, mugwetserepo mtengo basi. Koma pamene pamakhala mavalavu pakapindika, lisiyeni.

Likafika, liphwasuleni n'kulitsuka m'madzi ofunda pang'ono ndi sopo wa mbale. Madzi otentha amasupula utoto. Tinsalu ta pamwamba pa mavalavu tisanyowe. Mavalavu ambiri ali ndi manambala 1, 2, 3, iliyonse ibwerere kwawo. Gwiritsani ntchito oyilo wake weniweni, osati wophikira kapena wa makina osokera. Pa mapaipi osolola Vaseline amathandiza ngati mulibe girisi.

Mwana ayambe ndi mouthpiece ya saizi 7C. Ikakanirira, osaigwira ndi pulayala, mupotoza paipi. Pitani nalo lipengalo kwa mphunzitsi wa gululo.