Mwana wa sekondale akakuululirani za nkhanza: malangizo kwa aphunzitsi ndi oyang'anira ana

Sukulu iliyonse ili ndi malamulo a yunifolomu, a nthawi yolowera m'kalasi ndi a chilango cha wojomba. Koma funsani mphunzitsi kuti, "Mwana atakupezani lero n'kukuuzani kuti wina wamugwira mosayenera, mungayambire pati?" Ambiri amangokanda mutu. Malangizo anowa akukhudza pamenepo, ndipo ndikulembera inu aphunzitsi aakulu, aphunzitsi a m'kalasi, amatroni ndi oyang'anira malo ogona ana, kudzanso makolo amene muli m'makomiti a sukulu.

Lipoti la chaka cha 2019 la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, linasonyeza kuti padziko lonse, pafupifupi wophunzira mmodzi mwa atatu alionse anali atavutitsidwa ndi anzake kusukulu m'mwezi umodzi wokha. Pa nkhani ya kugwiririra, kawirikawiri wochita zimenezi amakhala munthu amene mwanayo amamudziwa ndi kumukhulupirira: wachibale, chibwenzi, mnzake wa m'kalasi, penanso mphunzitsi. Choncho mpanda wautali ndi mlonda wa pageti pazokha sizikwanira. Mwana amatetezeka akadziwa kokanena, ndipo akafikako n'kupeza munthu wodziwa kumvetsera.

Ntchitoyi imayamba vuto lisanagwe. Sankhani aphunzitsi awiri, wamkazi ndi wamwamuna, oti azilandira madandaulo a ana, ndipo maina awo alengezedwe pa asembule ndi kumatidwa m'kalasi iliyonse. Akhale awiri chifukwa mmodzi angathe kukhala bwenzi la wodandaulidwayo, kapenanso kukhala iye mwini. Musasankhe mphunzitsi amene amapereka zilango. Mwana amene anagwadidwitsidwa naye dzulo sangamuuze zakukhosi lero. Afunseninso anawo kuti amamasuka ndi ndani. Ndime 12 ya pangano la United Nations la ufulu wa ana, la chaka cha 1989, imati mwana ali ndi ufulu wopereka maganizo pa zinthu zomukhudza, ndipo panganolo limati mwana ndi munthu aliyense wosakwana zaka 18. Wa m'kalasi yomaliza, wamtali ndi wa mawu a besi, akadali m'gulu limeneli ngati sanafike zakazo.

Kenako fufuzani malo oopsa. Mpatseni wophunzira aliyense pepala lojambulapo mapu a sukulu, achonge malo amene amaopa kupitako ndi nthawi yake, osalemba dzina. Njira yofunsa ana mosatchula maina ndi kuika akuluakulu m'malo amene anawo aloza anaitchukitsa ndi Dan Olweus, katswiri amene anayamba kufufuza za kuvutitsana kwa ana a sukulu m'zaka za m'ma 1970 ndipo anagwira ntchito nthawi yaitali ku Norway. Mukasonkhanitsa mapepalawo mudzaona zichongo zitaunjikana pamodzimodzi: kuseri kwa zimbudzi nthawi yopuma, kanjira kopita kogona usiku potuluka ku sitade, kalasi yakumapeto imene aphunzitsi safikako. Zambiri mwa izi sizilira ndalama. Ndi kuika nyale, kudula tchire, kukonza loko wa chitseko cha chimbudzi, ndi kulemba ndandanda wa mphunzitsi woyendera malowo pa nthawi imene ana atchula.

Akuluakulu nawo akhale ndi malamulo olembedwa ndi osainidwa, kuyambira mphunzitsi wamkulu mpaka wophika ndi mlonda. Wamkulu asakhale ndi mwana mmodzi m'chipinda chotseka. Asatume mwana kunyumba kwake. Asamalemberane naye mauthenga a awiriwiri pa WhatsApp kapena Facebook, ndipo asamamupatse mphatso kapena ndalama mwamseri. Ena amawaona malamulowa ngati kukayikira aphunzitsi, koma ine ndimawaona ngati chitetezo chawo chomwe. Munthu wofuna kugwirira mwana sayamba ndi chiwawa. Amayamba ndi kumukondera, kumuyamikira, kumuonjezera malikisi, kumuthandiza pa vuto la kunyumba, mpaka mwanayo amadziona ngati ali ndi ngongole. Pamene pali lamulo loonekeratu, sitepe yoyamba yomweyo imaonekera kwa onse.

Tsopano tifike pa tsiku lenilenilo. Ana saulula mwadongosolo. Mtsikana amatsalira m'kalasi anzake atatuluka, akufufuta bolodi lofufutidwa kale, kenako amati, "Madamu, ndikuuzeni chinthu, koma musauze munthu." Wina amayamba ndi kuyesa madzi: "Pali mnzanga wina zinamuchitikira." Zimene muchite m'mphindi zochepa zimenezo ndi zimene zingamutsegule pakamwa kapena kumutseka kwa zaka.

Siyani zimene mukuchita, mukhale pansi. Musalonjeze kusunga chinsinsi, chifukwa simungathe kusunga lonjezolo, ndipo mwana akadzazindikira kuti munamunamiza sadzakhulupiriranso wamkulu. Nenani zoona mofatsa: "Ndikumvera, mwanawe. Ngati ndi nkhani yoti uli pangozi, ndiyenera kuuza munthu amene angakuthandize, koma ndikuuza kuti ndi ndani, ndipo sindiuza wina aliyense." Ena amakhala chete akamva zimenezi. Musamukakamize, muuzeni kuti angabwerenso nthawi iliyonse, ndipo inu mukauzebe mphunzitsi woona za madandaulo kuti mwanayu ali ndi nkhawa.

Akayamba kulankhula, gwirani nkhope yanu. Kukuwa, kugwira pakamwa kapena kutukwana wolakwayo kumamuopsa mwana, makamaka ngati munthuyo ndi amene amamulipirira sukulu. Mafunso akhale ochepa ndi otseguka: "Ndiuze zimene zinachitika." "Kenako?" Musamuike mawu m'kamwa pofunsa kuti, "Ndi aphunzitsi auje eti?" chifukwa funso lotero likhoza kufooketsa umboni mlandu ukadzafika kukhoti. Mafunso akuti "Unapitiranji kumeneko?", "Unavala chiyani?" kapena "Bwanji sunanene kale?" musawatulutse n'komwe; kwa mwana amamveka ngati chigamulo. Pali mawu atatu amene ayenera kuwamva kwa inu: kuti mwamumva, kuti wachita bwino kunena, ndi kuti iye sanalakwe.

Akangochoka, lembani zonse musanalankhule ndi munthu. Lembani tsiku, nthawi, malo, ndi mawu ake enieni monga anawanenera, ngakhale akhale olaula kapena achibwana. Musawakonze kuti amveke aulemu. Zimene mwaona ndi maso, monga chilonda padzanja, zilembeni padera ndi zimene mukuganiza. Musamuvule mwana kuti muone mabala, ndipo musamujambule. Sainani, mupereke pepalalo tsiku lomwelo kwa woona za madandaulo, ndipo lisungidwe m'kabati yokhoma, osati m'failo ya zotsatira za mayeso.

Ngati wagwiriridwa, apa ndiye zengerezu adalinda kwawukwawu. Mankhwala a PEP oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo kuyamba msanga ndiko kwabwino. Mapiritsi oteteza mimba mwadzidzidzi amathandiza mkati mwa maola 120, omwe ndi masiku asanu. Ndiye nkhani ikamveka Lachisanu madzulo, musadikire Lolemba kuti komiti ikumane. Mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo ndi wamkulu amene iye wamusankha. Ngati zangochitika kumene, ndi bwino asasambe kaye ndipo zovala zisachapidwe, koma ngakhale atasamba apitebe.

Sukulu si khoti. Musaitane wodandaulidwayo kuti ayankhe pamaso pa mwana, ndipo musasonkhanitse mabanja awiri mu ofesi kuti akambirane n'kupepesana. Kugwirira mwana ndi mlandu wa apolisi ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha ana, malinga ndi malamulo a dziko lanu, ndipo manambala awo akhale pakhoma la ofesi kuyambira lero. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chizolowezi chosamutsa mphunzitsi wolakwa mwakachetechete pofuna kusunga mbiri ya sukulu. Kumene wapitako kulinso ana. Makolo auzidwe msanga, pokhapokha ngati woganiziridwayo ali panyumba pomwepo. Zikatero, funsani kaye a chisamaliro cha ana musanatumize uthenga uliwonse kunyumba.

Nkhani ikapita kwa eni ake, ntchito yanu sinathe. Amene asinthidwe kalasi, chipinda chogona kapena ntchito ndi wodandaulidwayo, osati mwana amene waulula. M'chipinda cha aphunzitsi nkhaniyi isakhale yocheza pa tiyi. Odziwa akhale okhawo amene ali ndi chochita. Mphunzitsi mmodzi azikumana ndi mwanayo sabata iliyonse, ngakhale kwa mphindi khumi, kumufunsa za tulo, za kudya ndi za anzake. Akatsalira pa maphunziro mpatseni nthawi, osati chilango.

Yang'aniraninso ana amene sanena kanthu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mmodzi mwa achinyamata asanu ndi awiri alionse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la maganizo. Wanzeru amene malikisi ake agwa mwadzidzidzi, wochezeka amene wayamba kudzipatula, wojomba tsiku la phunziro limodzi lokha, wokhala ndi foni yatsopano yosadziwika kochokera: onsewa afunika kuwaitanira pambali ndi kuwafunsa mwachifundo. Anyamata musawaiwale. Nawonso amagwiriridwa ndi kumenyedwa, koma manyazi amawatseka pakamwa, ndipo ululu wawo umatulukira m'ndewu, m'mowa kapena m'kuthawa sukulu, ife n'kumangoti ndi mwano.

Mwana akanena mawu ngati "kuli bwino ndingofa", musawatenge ngati nthabwala. Mufunseni mosapita m'mbali: "Kodi ukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani pafupi naye mankhwala, zingwe ndi zida zakuthwa, uzani woona za madandaulo ndi kholo lodalirika, ndipo aonane ndi achipatala tsiku lomwelo.