Kunyamula thupi la msilikali wopuma kuchoka ku Johannesburg kupita kumudzi

Ena mwa akuluakulu amene amawotcherera mageti ku Mayfair kapena kupala matabwa ku Diepsloot anayamba avala yunifolomu ku Cobbe, ku Moyale kapena ku Kamuzu Barracks. Alipo amene analondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ena anali nawo pa Operation Bwezani, yolanda zida kwa a Malawi Young Pioneers, mu Disembala 1993. Bambo wotere akatisiya kuno ku Joni, pamafunika kulongosola za thupi lake, za usilikali wake ndi za zipangizo zake za ntchito, ndipo zonsezi zatsamira pa dzina lake.

Choncho tsiku loyamba lomwelo, musanayambe n'kusonkha komwe, pezani pasipoti ya malemu. Dzina limene lalembedwa kuchipatala lifanane ndi la m'pasipoti, chilembo ndi chilembo. Amisiri ena amagwira ntchito ndi dzina lobwereka, ena anzawo amangowadziwa kuti Sajeni, ndipo wowaperekeza kuchipatala amalembetsa dzina lomwelo. Likalowa pa fomu ya imfa, kulikonza kumatenga masiku, kwinaku ndalama yosungira thupi ikukwera tsiku ndi tsiku. Ngati pasipoti inatayika, pitani msanga ku ofesi ya kazembe wa Malawi kuno ku Johannesburg kapena ku Pretoria ndi chiphaso cha unzika kapena chithunzi cha pasipoti yakaleyo, pamodzi ndi wachibale woti achitire umboni.

Akamwalira ndi matenda, dokotala amalemba fomu ya DHA-1663, ndipo ndi imeneyi imene Home Affairs amaperekera chikalata cha imfa. Ikakhala ngozi, kugwa pakatawala, kugwidwa ndi magetsi kapena kuphedwa, nkhani imapita kupolisi, thupi n'kupita ku mochale ya boma ngati ya ku Hillbrow, Diepkloof kapena Germiston kuti likapimidwe. Lembani nambala ya mlandu ndi dzina la wapolisi wofufuza. Musazengereze kukalizindikira thupilo, chifukwa likakhala masiku 30 popanda mwini boma lili ndi mphamvu yoliika m'manda lokha.

Thupi silituluka m'dziko muno popanda chilolezo cha unduna wa zaumoyo. Amene amapempha ndi a kampani ya maliro, ndipo amafuna chikalata cha imfa, pasipoti, kalata yochokera kwa kazembe, chikalata chosonyeza kuti thupi lakonzedwa ndi mankhwala kuti lisawonongeke, ndi kalata ya dokotala yonena ngati panali matenda opatsirana. Posankha kampani afunseni mosabisa: kodi munaperekapo thupi ku Malawi? Mtengo aulembe papepala, ndipo usonyeze kusunga, kukonza, bokosi, mapepala ndi ulendo mpaka pakhomo. Mukangogwirizana kuti "mpaka ku Malawi", bokosi angalitsitse mu Blantyre pamene manda akumbidwa ku Ntcheu.

Kuona nkhope kuchitike bokosi lisanamatidwe. Mamendulo ndi chipewa chake cha usilikali musatsekere m'katimo, wachibale anyamule m'chikwama kuti akumudzi akaone okha chochita nazo.

Pa ndege, thupi limanyamuka pa OR Tambo kukatera pa Chileka kapena pa Kamuzu, ndipo mtengo umatengera kulemera kwa bokosi. Pamsewu mumadutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, n'kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza. Awa ndi malire atatu, aliwonse mbali ziwiri, kutanthauza maofesi 6 ofuna kuona mapepala. Chikalata chilichonse chikhale ndi makope osachepera 6 odindidwa kupolisi, kumene amadinda kwaulere, ndipo zenizenizo zisungidwe m'pulasitiki ndi munthu mmodzi. Operekeza akhale oti mapasipoti awo ali bwino, pakuti mmodzi wopyola masiku akhoza kuimitsa galimoto yonse pa Beitbridge dzuwa likuswa mtengo. Adzukulu muwauze tsiku lokumba galimoto ikadutsa pa Tete.

Za usilikali zimayendera nambala yake ya ntchito. Ifufuzeni m'kabuku kake kopumira ntchito kapena pa mapepala a penshoni. Wachibale wa kumudzi apite nayo ku baraki yapafupi pamodzi ndi kope la chikalata cha imfa, thupi lisanafike, kuti a Malawi Defence Force anene zimene malemu akuyenera kulandira malinga ndi faelo yake. Adziwitseninso a bungwe la asilikali akale la VELOM, chifukwa anzake amene anali naye limodzi m'tchire amafuna kudzaperekeza. Ngati ankalandira penshoni, khadi lake la kubanki lisagwiritsidwenso ntchito. Kutapa ndalama za munthu womwalira ndi mlandu, ndipo kumasokoneza zimene mayi wamasiye akanalandira mwalamulo.

Kuno, onani chipepala chake cha malipiro. Ngati ankadulidwa UIF, inshulansi ya boma ya anthu apantchito, mkazi wake kapena ana angapemphe ndalamazo pasanathe miyezi 18. Ngati anafera pa ntchito, bwana ayenera kunena ku Compensation Fund, thumba la boma la chipepeso cha ovulala kapena kufera pa ntchito, pasanathe masiku 7, ndiye mupempheni kope la lipotilo.

Zipangizo ndiye zimasowa msanga, nthawi zambiri usiku wa chisiwa womwewo pamene aliyense ali m'nyumba kuimba. Tsekani shedi ndi loko watsopano. Anthu awiri, wachibale ndi wa mpingo kapena wa ku mzikiti, alembe chilichonse ndi kuchijambula: makina owotcherera ndi nambala yake, galainda, chobowolera, macheka, ngakhale tepi yoyezera yofufutika manambala ija. Werengani kabuku kake ka maoda. Geti lotsala theka lili ndi mwini wake amene analipira kale, choncho m'patseni mmisiri wina alimalize kapena bwezani ndalamayo kuti dzina la malemu lisade. Amene ali ndi ngongole kwa iye alembedwenso.

Musagawane kanthu kuno. Lamulo la ku Malawi la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda katundu wawo ndi mlandu. Mayi wamasiye ndiye anene ngati makinawo agulitsidwe kuno kapena atumizidwe. Akati atumizidwe, apite pa ulendo wina ndi mndandanda wake, chifukwa a MRA pa Mwanza angafune msonkho, ndipo kukambirana za galainda bokosi lili m'ngolo kumachedwetsa mwambo kumudzi.