Wodwala akagonekedwa ku Zomba Central: momwe mungayendetsere ndalama kuti banja lisagwe

Chipatala cha boma sichilipiritsa, koma matenda aakulu amadya ndalama ndithu. Zimathera pa minibasi, pa chakudya cha gadiyani, pa mankhwala amene atha kuchipatala, ndiponso pa geni imene yaima chifukwa mwiniwake akudwazika matenda. Zambiri zimatayika sabata yoyamba, anthu ali piringupiringu.

Choyamba, yambirani pafupi ngati matenda si adzidzidzi. Pitani ku Matawale, Domasi kapena chipatala chaching'ono cha kwanuko, mutenge kalata yokutumizani ku Zomba Central. Kalatayo ndi buku la kuchipatala zikhale m'pepala la pulasitiki. Buku likasowa kapena kunyowa, zoyeza zimayambiranso, ulendo umodzi n'kusanduka itatu. St Luke's ku Malosa ndi Pirimiti ndi zipatala za CHAM (bungwe la zipatala za mipingo), n'zolipira. Mukafika kumeneko funsani mtengo musanagonekedwe, mufunsenso ngati thandizolo lili pa mgwirizano wa chipatalacho ndi boma, makamaka la amayi oyembekezera ndi ana aang'ono.

Chachiwiri, ndipo apa mpamene mabanja ambiri amapunthwa, ndalama zigwiridwe ndi munthu mmodzi. Akhale ndi kope ndi nambala imodzi ya Airtel Money kapena Mpamba. Alembe chilichonse: amalume atumiza zakuti, sopo zakuti, kabaza zakuti. Popanda kope, achibale a ku Joni kapena ku Lilongwe amayamba kukayikira, kenako foni sayankhanso, pomwe matenda akadali kutali. Otapa ndalama asamatape pang'onopang'ono tsiku lililonse, chifukwa kutapa kulikonse amadula.

Gadiyani akhale mmodzi, azisinthana pa sabata. Anthu asanu obwera kudzazonda kuchokera ku Jali kapena ku Mayaka amawononga ya thiransipoti imene ikanagula mankhwala. Auzeni mwaulemu kuti atumize ufa, nyemba ndi makala kudzera kwa munthu mmodzi.

Adokotala akanena kuti mankhwala mukagule, musathamange. Afunseni kuti: "Adokotala, kodi palibe ena ofanana nawo amene alipo kuno? Nanga amwe masiku angati?" Akulembereni dzina lenileni la mankhwalawo, osati la kampani, ndipo mufunse mtengo m'mafamase awiri kapena atatu a m'tauni. Musagule theka la maantibayotiki pofuna kupulumutsa ndalama. Matenda amabwerera ali okanika. Mankhwala a TB ndi ma ARV ndi aulere, wina asakulipiritseni.

Akakutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, monga zimachitikira ndi khansa ndi impso, funsani anamwino za ambulansi ndi tsiku lenileni la kiliniki musananyamuke. Kufika tsiku lolakwika ndi kugona panjira.

Tsono za kopeza ndalama. Yambani ndi thumba la zadzidzidzi la ku banki mkhonde, kenako mpingo kapena mzikiti, kenako ofesi ya za chisamaliro cha anthu ku khonsolo. Ngati muli pa inshulansi ya zachipatala ya MASM, funsani malire a sikimu yanu msanga. Zikavuta gulitsani nkhuku ndi mbuzi. Chimanga chakudya, munda ndi mpamba wa geni musakhudze, pakuti wodwala akatuluka adzafuna phala, ndipo ana akudyabe. Katapila ndiye ayi: wodwala amachira, ngongole ikumangobereka mwezi ndi mwezi mpaka njinga ndi malata kupita.

Wodwala amene ali pa ntchito yolembedwa adziwe kuti lamulo la ntchito la 2000 limapatsa munthu amene wagwira miyezi 12 tchuthi cha matenda cha masabata anayi pa malipiro onse, ndi ena asanu ndi atatu pa theka, chaka chilichonse. Chofunika ndi kalata ya dokotala. Ipempheni wodwala akadali mu wodi, ndipo muijambulitse musanakapereke kwa abwana.